Kiyi wa a Layisoni

Bwezani mafoniwo m'matumba, ana inu, pamaliro sajambula. Sunthirani kuno kumoto, utsi ukulowera uko. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa pa Mwalawanyani, msika uja wa m'mbali mwa msewu wopita ku Kasungu, nthawi imene ndinkasoka pakhonde.

Makina anga osokera ndinkaika pakhonde la shopu ya a Layisoni. Iwo ntchito yawo inali kukonza mafoni ndi kubenera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemole khadi. Pakhomo anali atapachikapo tivi yaikulu yoyang'ana kumsika, ndipo inkaonetsa makwaya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kuti ikope anthu. Anali bambo wansangala, wa kuseka kwake kwake. Ankaseka cha m'mphuno, "khi khi khi," mapewa akugwedezeka. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene linkandinyansa. Kukachitika ngozi pamsewu, anzawo akamathamanga ndi zitenje ndi madzi, iwo ankathamanga ndi foni. Ankajambula ovulala, akufa, chilichonse, kenaka n'kumaonetsa anyamata a kabaza kuseri kwa shopu.

M'shopumo ankagwira ntchito ndi mlamu wawo, Zione, mng'ono wa akazi awo. Zione anali ataphunzira zamakompyuta kusukulu yantchito zamanja, ndipo podikira ntchito yeniyeni ankakhala kwa achemwali akewo n'kumathandiza pashopu. Anali mtsikana wofatsa, woti mukamulankhula amayamba wayang'ana pansi.

Chaka chimenecho, chakumayambiriro kwa chilimwe, minibasi ina inagubuduzika pamlatho wa kumtunda kwa msika. Anthu anafa. A Layisoni anapitako, monga mwa masiku onse, ndipo anabwerako akupukuta thukuta, nkhope ili ngwee ngati achokera kuchinkhoswe. Patapita milungu ingapo kunamveka mbiri yoti kuboma munthu wina wagwidwa chifukwa chofalitsa zithunzi za maliro. A Layisoni mtima sunakhalenso m'malo.

Tsiku lina masana ndinawamva akulankhula ndi Zione. Khoma la pakati pa ife linali lamatabwa, mawu ankadutsa onse.

"Mlamu, paja unati umatha kutseka fayilo kuti wina asaione?"

"Ndingathe, alamu. Ndi mafayilo anji?"

"Za ntchito basi. Iwe ingopanga chotsekeracho, zinazo zisiye."

Zione anakhala pakompyuta mpaka madzulo. Ine popita kukabwereka ayironi ndinamupeza akulemba timizere ta Chizungu chosamveka.

"Ukulembera ndani kalata yopanda moni?" ndinamufunsa.

Iye anaseka. "Si kalata, mayi Nanyoni. Ndi kapulogalamu, ndikulemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Payithoni. Fayilo iliyonse, kaya ndi nyimbo kaya ndi vidiyo, mkati mwake muli ziro ndi wani zokhazokha. Ndiye munthu amasankha mawu achinsinsi, amenewo ndiye kiyi. Pulogalamuyi imatenga manambala a fayilo n'kumawayerekeza ndi manambala a kiyi uja. Akafanana imalemba ziro, akasiyana imalemba wani. Kiyi akatha imamuyambiranso poyamba, choncho mpaka fayilo yonse kutha. Njira imeneyi amaitchula kuti XOR. Ikamaliza, fayiloyo siseweranso, imangokhala zinyalala."

"Nanga mwini wake akaifuna?"

"Amangoyendetsanso pulogalamu yomweyo ndi kiyi yemweyo, zonse zimabwerera mmene zinalili. Kamodzi yatseka, kachiwiri yatsegula."

Anawafotokozeranso alamu ake mawu omwewo, koma iwo maso anali pafoni, akungoti "eya, eya." Itakwana nthawi yolemba kiyi, anamuuza Zione kuti atuluke panja. Anatseka okha vidiyo imene anajambula pangozi ija, anaipatsa dzina la nyimbo ya kwaya, n'kuiponya m'gulu la mavidiyo amene ankaseweredwa pativi ya pakhomo ija. Anati pamenepo ndiye palibe angaiganizire. Ndipo zoonadi tivi inkati ikafika pa fayilo imeneyo, inkangoidumpha n'kupita pa nyimbo yotsatira.

Choyamba kubwera chinali fungo.

Poyamba tinkati ndi khoswe wafera kudenga. A Layisoni anakwera, anayang'ana, sanapeze kanthu. Tinasuntha mabokosi, tinakolopa ndi mankhwala, koma m'mawa mwake fungo lija lili pomwepo. Silinali fungo la khoswe. Linali lotsekemera pang'ono, ngati nyama imene yagona m'pepala lapulasitiki padzuwa, losakanikirana ndi mafuta agalimoto. Linkakakamira m'nsalu zanga. Mayi wina anabweza diresi yake atainunkhiza, akuti ndinaisunga pamodzi ndi utumbo. Ndipo tinazindikira kuti linkakula kompyuta ikayatsidwa. Kamphepo kotentha kotuluka kumbuyo kwake kaja ndi kamene kankabwera nalo.

Kenaka kunabwera ntchentche, zobiriwira zija za membe. Sizinkatera pa nsomba za amayi a pafupi nafe, sizinkapita kwa ogulitsa nyama ya mbuzi. Zinkadutsa zonsezo n'kudzadzaza pagalasi la kompyuta, zili mbuu, zikuyendayenda pamalo amodzi. Zione ankazipirikitsa ndi katoni, akugwira mphuno. Tsiku lina akutsegula bokosi la kompyutayo kuti alipukute fumbi, anakuwa. M'katimo, pakati pa mawaya ouma opanda n'chakudya chomwe, munali mphutsi zonenepa, zoyera, zikukwawa. Anathamangira kuseri n'kukasanza.

"Ndi kutenthaku," anatero a Layisoni. "Mwina buluzi anaferamo." Koma tsiku limenelo sanadye.

Madzi nawo anayamba kusowa. Zione ankatunga ndowa yodzaza pamjigo m'mawa uliwonse, yoti tizimwa ndi kusamba m'manja. Pofika masana tinkaipeza ili gwa, youma mpaka pansi, chivindikiro chili pomwepo. Sinali yobooka, simenti yapansi pake inali youma. A Layisoni anagula madzi a m'botolo, anaika patebulo osatsegula. Atatembenuka kuthandiza kasitomala, anapeza botolo lili lotseka bwinobwino koma mulibe dontho. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

Kwa ine kunasowa nsalu yoyera. Inali ya mayi wina wa mvano, ndinali nditaipinda n'kuika pansi pa makina. Ulusi, sizasi, nsalu zamaluwa zodula, zonse zinalipo. Yoyera yokhayo ndiyo inapita.

Alonda a pamsika nawonso anayamba kukana kugona pakhonde lathu. Anati kukada, magetsi atazima, masipika a m'shopumo amapuma. Si nyimbo ayi, si mawu ayi. Kupuma kokoka, kwa munthu amene pakhosi pamuuma.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, msewu uli zii chifukwa cha kutentha, ndinakweza maso n'kuona mzimayi ataima tsidya la msewu, pafupi ndi ngalande. Anali wachitsikana, wavala bulauzi yofiirira ndi chitenje chodzaza fumbi, nsapato mwendo umodzi wokha. Mutu anali ataupendekera kumodzi. Sankayang'ana ine, ankayang'ana chitseko cha shopu. Ndinapitiriza kusoka. Nditakwezanso maso ndinapeza ali m'munsi mwa khonde, osamva mmene wadutsira msewu.

"Zikomo amayi," anatero, mawu ali okhakhala. "Madzi."

Ndinali ndi kachigubu kanga kochokera kunyumba. Ndinathira m'kapu n'kumupatsa. Sindinayang'anitsitse nkhope yake, ndipo musandifunse. Mbali imene anaipendekera ija inali ndi ntchentche, ndiye maso anga anathawa okha. Anagwira kapu ija ndi manja awiri, anaifikitsa pakamwa, anakhala choncho kanthawi. Kenaka anandibwezera. Inali yodzazabe.

"Si anu," anatero. "Ndikufuna a achimwene aja."

Fungo lija linandimenya kumaso mpaka misozi. Ndinatembenuka kuitana Zione, ndipo potembenukanso panalibe munthu, msewu uli mbee uku ndi uku. Madzi a m'kapumo anali atachita mafuta pamwamba. Kapuyo ndinakaiponya m'chimbudzi, ndipo ndinasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kuwawa.

Nditawauza a Layisoni, anandikalipira. Anati ndakalamba, ndayamba kuona zideruderu, ndipo ngati khonde lawo landitopetsa ndisamuke. Koma milomo yawo inali itang'ambikang'ambika. Akazi awo anali atandiuza kale kuti kunyumba bamboyo akamwa madzi amalavula, akuti akumva dizilo ndi magazi. Ankangokhalira kunyambita malalanje.

Zione ndi amene anagwirizanitsa zinthuzi. Anati zonse zinayamba sabata imene analemba kapulogalamu kaja. Madzulo ena alamu ake atapita kukagula zipangizo, anandiitana.

"Mayi Nanyoni, tabwerani muone."

Ndinalowa nditatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Iye anali atatsegula fayilo yotsekedwa ija ngati mmene amatsegulira kalata, kuti aone zamkati. Pagalasi panali tizizindikiro topanda tanthauzo, timabokosi, timizere, zinyalala zokhazokha monga ananenera. Koma cha pamwamba, pakati pa zinyalalazo, panali mawu owerengeka. Ngakhale ine wa sukulu yochepa ndinawawerenga.

alaesinalaesinalaesinalaesin

Anatsitsa pansi. Anawapezanso. Anatsitsanso, ali pomwepo, dzina limodzi lolumikizana lokhalokha, ngati munthu akuitana osapuma.

"Kodi ndi mzimayi uja akulemba?" ndinafunsa.

"Ayi, izi zokha ndikuzimvetsa," anatero Zione motsitsa mawu. "Njira imeneyi ndi yofooka. Malo amene fayilo ili ndi ziro zokhazokha, kiyi alibe chomubisa, ndiye amaonekera poyera. Ameneyu ndi kiyi wa alamu. Esinala." Kenaka anandiyang'ana. "Koma Esinala ndani? Kwathu kulibe, kwawo kwa alamu kulibe."

"Ndiye kuti ungathe kutsegula?"

"Ndingathe pompano."

Anaika zala pa mabatani. Ntchentche zonse zimene zinali pagalasi zinanyamuka nthawi imodzi, kenaka m'chipindamo munangoti zii. Kumbuyo kwathu, pamene panali ndowa, chivindikiro chinalira pang'ono, ngati wina wachikweza n'kuchibwezera. Zione anachotsa manja ake n'kuwaika pamiyendo.

"Sindikufuna kuona," anatero. "Ndiwafunsa eni ake."

Anawafunsadi atabwera, ine ndili pakhonde.

"Alamu, Esinala ndani?"

Kunamveka chinthu chikugwa pansi. "Wamva kuti dzina limenelo?"

"Likuoneka m'fayilo mwanu. Alamu, chimene munatsekacho chikununkha. Ngati muli munthu mmenemo, mutulutseni. Kapena tiuzeni kwawo."

"Ndiye kuti chotsekera chako n'chachabechabe! Ndimakudyetsa, ndimakugoneka, lero wayamba kundifufuza? Ukangouza achemwali ako, ulongedze."

Zione anatuluka akulira. Usiku umenewo anagona kwa ine.

M'mawa mwake linali tsiku la msika. Ndinafika n'kupeza a Layisoni atsegula kale, atakhala pakompyuta, maso ali psu, malaya adzulo omwewo. Sanandikalipire. Analankhula ngati mwana.

"Mayi Nanyoni, ndinaifufuta dzulo. Ndinaifufuta ndi m'bini ya m'kompyuta momwe. Lero ndapeza ili pomwepo."

"Itanani abusa, bambo. Kapena nenani chimene munachita."

"Ayi. Loko mmodzi wachepa basi. Ndiikanso wina pamwamba pake, dzinalo lisaonekenso."

Ine za makompyuta sindidziwa, mawu a Zione aja sanandibwerere m'mutu nthawi imeneyo. Mwini wakeyo anali kumjigo ndi ndowa. Ndinangowaona a Layisoni akuyendetsa kapulogalamu kaja, akulemba kiyi ndi chala chimodzi, n'kudina. Anapumira m'mwamba, anayatsa tivi ya pakhomo monga mwa nthawi zonse, n'kukweza masipika.

Msika unadzaza. Amatomato, akaunjika, anyamata a kabaza, amayi obereka ana, ambiri ataima pakhomo pathu kuonerera makwaya. Nyimbo ina inatha. Pamalo pamene tivi inkadumpha paja, tsiku limenelo sinadumphe.

Panaoneka udzu, ndi tayala la minibasi likuzungulirabe m'mwamba. Kunkamveka kulira kwa anthu chapatali. Wojambulayo anatsetserekera m'ngalande, kutali pang'ono ndi pamene anthu ankathandiza ena, ndipo anapeza mzimayi atagona chammbali. Bulauzi yofiirira. Nsapato mwendo umodzi. Ndinaimirira, makina anga n'kugwa.

"Achimwene," anatero mzimayiyo pativi, "madzi."

M'munsi mwa chithunzicho munkaoneka dzanja la wojambulayo, litagwira botolo la madzi. Wotchi ya padzanjapo tonse tinkaidziwa.

"Tayang'ana kuno kaye," anayankha mawu a a Layisoni. "Tembenuka, chilondacho chioneke bwino."

"Ndine Esinala. Kwathu ndi kwa Chikakuda, kuseri kwa phiri. Mukawauze amayi. Mwana wanga ali ndi amayi. Chonde achimwene, madzi."

"Nenanso, sizinamveke. Ndiwe ndani?"

Ananenanso. Anamuuza kuti anenenso kachitatu. Kenaka botolo lija linakwera m'mwamba, ndipo masipika onse anatulutsa phokoso la munthu akumeza, gudyu, gudyu, gudyu. Atatha, anaseka. "Khi khi khi." Foni inasendera pafupi ndi nkhope ya mzimayiyo, pafupi kwambiri, mpaka tinaona ntchentche yoyamba ikutera.

A Layisoni anatuluka m'shopu akuthamanga, anazula waya wa tivi kukhoma. Chithunzi chinazima. Koma mawu aja anapitirira pang'ono, ndipo anthu onse amene analipo angakuuzeni. "Mukawauze amayi." Kenaka zii.

Inu mukudziwa mmene anthu a pamsika amachitira akagwira wakuba. Ine ndinkayembekeza miyala. Koma palibe anatola mwala. Anthu anabwerera m'mbuyo, kusiya bwalo lalikulu mozungulira a Layisoni, ngati pagwa chinthu chowola. Mayi wina wa tomato analavula pansi. Wina naye analavula. Mnyamata wina wa kabaza, mmodzi mwa amene ankaonerera zinthu zija kuseri kwa shopu, anagwada m'mbali mwa njinga yake n'kuyamba kusanza. Bambo wina wachikulire anavula chipewa, anati, "Musamukhudze. Mudzasamba ndi chiyani?"

Zione anali ataima kumbuyo kwa gulu, ndowa ili pamutu. Anaitula pansi bwinobwino, analowa m'shopu osawayang'ana alamu ake, anakopera vidiyo ija m'foni mwake, n'kutuluka.

"Mayi Nanyoni, kwa Chikakuda mukudziwako?"

Sindinkadziwako, koma tinafunsa. Tinayamba tapita kuchipatala cha kuboma. Kumeneko anatiuza kuti mzimayi wina wa pangozi ija anafera m'njira, analibe chikwama kapena chiphaso, ndipo analengeza koma sikunabwere wachibale. Anaikidwa ndi akaidi m'manda a anthu osadziwika, pamodzi ndi ena, wopanda bokosi, wopanda nsalu. Nthawi yonseyo munthu mmodzi yekha padziko ndi amene ankadziwa dzina lake ndi kwawo, ndipo dzinalo analisandutsa kiyi.

Kwa Chikakuda tinafika tsiku lotsatira, pa njinga za kabaza. Mayi ake a Esinala tinawapeza akusenda chinangwa, kamtsikana kakang'ono kali pambali pawo. Atamva kuti tabwera ndi nkhani ya Esinala, nkhope yawo inauma.

"Wakutumani? Kamuuzeni kuti mwana wakeyu wayamba kuyankhula. Anati akupita kukagwira ntchito kuesiteti ya fodya, adzatumiza uthenga akafika. Mpaka lero. Ndamutukwana mokwanira ameneyo, wapeza mwamuna waiwala amake."

Zione anagwada. Uthengawo ndinanena ndine.

Kulira kwa tsiku limenelo sindikufotokozerani, nanunso mwalira lero. Koma anthu atasonkhana, atsibweni a malemu atafika, mayi aja anapukuta m'maso n'kunena kuti akufuna kumva mawu a mwana wawo. Tinawaletsa. Zione anati, "Amayi, muli zoipa mmenemo. Muli munthu akuseka. Sindingathe kumuchotsa, mawu ake alowana ndi a malemu."

"Ndatukwana mwana wanga ali m'dothi," anatero mayiwo. "Ndimve chimene ananena. Chithunzicho sindikufuna, tembenuzira pansi."

Zione anaika foni pamphasa chafufumimba, n'kuiyatsa. Tinamva udzu, tinamva kulira kwa kutali. Tinamva Esinala akupempha madzi, akutchula dzina lake, akutchula amake ndi mwana wake. Ine ndinali nditakonzeka kutseka makutu. Koma pamene pankayenera kumveka a Layisoni panalibe kanthu. Mafunso awo aja munalibe, kumeza kuja munalibe, kuseka kuja munalibe. Munali mphepo yokha, ndi Esinala akulankhula ndi amake katatu. Zione anandiyang'ana, anapukusa mutu kusonyeza kuti si iye.

Achibale anapita kuboma, anaonetsedwa malo amene Esinala anaikidwa. Kufukula sikunatheke, poti m'dzenjemo munali anthu ambiri. Anatapa dothi la pamenepo, analikulunga, kuti akaliike kumanda a kwawo ndi mwambo wonse. Kuyambira tsiku limene dothilo linanyamulidwa, ntchentche za pashopu zinabalalika, alonda anabwerera pakhonde. Shopuyo inali yotseka. Akazi a a Layisoni anali atatenga mwana ndi mng'ono wawo Zione n'kukakhala kwa abale. Bamboyo anadzitsekera m'nyumba, osalankhula ndi munthu.

Abale awo a a Layisoni ndi amene anaganiza zoti apite nawo kumwamboko akapepese, mwina zinthu zingawapepukire. Anabwera nawo atawagwira mikono, ataonda, milomo ili yoyera. Titachoka kumanda, anthu atakhala pabwalo, atsibweni a malemu anati, "Munthu uja ali pano. Akuti ali ndi mawu."

Anawayalira mphasa patsogolo pa mayi ake a Esinala. A Layisoni anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, misozi ikutsika. Ndikunena zoona, munthuyo ankalira, ndipo ndikhulupirira kuti anabwera ndi mawu abwino. Anatsegula pakamwa.

"Khi khi khi."

Anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Maso anatuluka. Anameza, anapuma, anayesanso.

"Ama... khi khi khi khi."

Mapewa ankagwedezeka okha. Misozi ikuyenderera, mamina akutsika, koma chotuluka m'kamwa chinali kuseka kuja, kwa m'ngalande kuja, ndendende mmene kunamvekera pamsika. Ndipo ndi kuseka kulikonse kunkatuluka fungo lija, moti amene anali pafupi anatseka mphuno n'kusuntha. Anadzimenya pachifuwa, anagwa chafufumimba, akusekabe m'fumbi. Ana anayamba kulira. Amuna ena anaimirira ndi ukali, koma atsibweni aja anawaletsa ndi dzanja, poti aliyense ankaona kuti munthuyo sakufuna.

Mayi ake a Esinala sanatukwane. Anakhala akumuyang'ana nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira chinthu chimene galu wabwera nacho pakhomo. Kenaka anatembenuzira mdzukulu wawo kumbali, anamuphimba kumaso ndi chitenje.

"Mwamva nonse, wapepesa mmene amathera," anatero. "Mutengeni. Mudutse naye kuseri, asadutse pamene pali chakudya."

Abale ake anamunyamula. Kuseka kuja tinakumvabe akutsetsereka njira ya kudambo, mpaka kunazilala. Ndimamva kuti ali kwawo ku Ntchisi, ndipo amalankhula ndi manja okha, pakamwa atamangapo kansalu.

Atapita, mayi aja anaimirira. Anatola ndodo yaitali, anakola nayo mphasa imene munthuyo anagwadapo, osaikhudza ndi dzanja, anaikokera kudzala n'kuiyatsa moto. Anaima pomwepo mpaka inapsa yonse. Pobwerera anaponyanso ndodoyo pamoto, kenaka anauza amayi a kukhitchini kuti alendo akhoza kudya.